Msoti woyera wa amayi

Tsiku limene ndinkapita kuchitengwa ku Kabudula, amayi anandipatsa msoti woyera mbuu, atawumanga miyendo ndi luzi. Kwathu ku Nambuma mudzi wonse unkadziwa kuti nkhuku zoyera n'za amayi. Anati, "Kawete mwanawe, ukamaiona uzikumbukira kuti uli ndi kwanu." Chisanathe chaka anatisiya. Nsalu zawo anagawana azakhali, ndipo ine chimene chinatsala m'manja mwanga ndi nkhukuyo basi.

Itaswa koyamba, anapiye ena anali oyera, ena akuda, ena amawanga ngati tambala wa alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Koma kunoko si ku Nambuma. Kwa amayi bwalo linali m'kati mwa nthochi ndi mango, mphamba akangoti wauluka anapiye ankathawira m'ziyangoyango. Kuno mitengo inathera ku zigafa za fodya, bwalo lili pambalambanda. Mphamba ankabwera ngati pakhomo pake, ndipo nthawi zonse ankayambira koyera.

Ndinachita zonse. Ndinapaka anapiye utoto wofiira monga amachitira amayi ena, koma nthenga zikamera kuyera kunkabwerera. Ndinawavundikira ndi dengu, akangotuluka mphamba yemweyo. Ndinathamangitsa mphamba ndi mthiko m'manja, ndikumutukwana mpaka apongozi anatuluka kudzandiona ngati ndili bwinobwino. Otsala ankakhala akuda ndi amawanga, amenewo ndiwo ankakula n'kuikira, n'kuswanso ofanana nawo. Chaka ndi chaka zoyera zinkachepa, mpaka nkhuku ya amayi ija itakalamba n'kufa, pakhomo panalibenso yoyera ndi imodzi yomwe.

Ine mtima wanga ngwapachala, sindikana. Ndinapita kwa alamu n'kuwauza kuti tambala wawo wandiwonongera mtundu wa amayi. Iwo ankasenda mtedza, ndipo sanasiye. Anati, "Alamu, kodi tambala wanga ndiye amadya anapiye? Wosankha ndi uyo wam'mwambayo. Iye amatenga amene wamuona msanga, ife timaweta zimene watisiyira." Kenaka anapempha kuti ndiwapatse misoti iwiri yakuda aziweta kwawo, poti nkhuku za khola limodzi zimatha tsiku limodzi. Ndinawapatsa ndili ndwii, mumtima ndikuti tengani, za amayi zinatha kale.

Patapita zaka, chitopa chinalowa m'mudzi nyengo yotentha. Khola langa linatha psiti. Alamu anali atasamutsira zawo kudimba, kutali ndi mudzi, ndipo zingapo zinapulumuka. Mvula itagwa anabwera ndi thadzi ndi tambala, zonse zakuda bii, nati, "Landirani zidzukulu za nkhuku yanu." Ndinathokoza ndi pakamwa pokha. Nanga zakuda zija zinkandikumbutsa chiyani?

Thadzilo linafungatira mazira kuseri kwa nkhokwe. M'mawa wina ndikupita kukatapa chimanga ndinamva kulira kwa anapiye, ndinagwada kuti ndione. Pakati pa akudawo panatuluka kamodzi koyera mbuu, kamutu kali pa phiko la make. Ndinakatola. Ndinalira, ndithu ndinalira ngati maliro a amayi achitika dzulo, koma uku ndikuseka.

Alamu anabwera akuthamanga poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka. Ataona kamwanapiyeko anangogwira m'chiuno. "Mwaona eti? Magazi sataika, amangobisala. Make ali nako kuyerako m'kati, tambalanso ali nako, lero kwakumana." Ndinafunsa kuti ndiye kuti zakuda zonse zija zinali za amayi? Anati, "Nanga mumati za yani? Zikanakhala zoyera zokhazokha bwenzi mphamba atamaliza kalekale."

Mawu amenewo sindinawaiwale. Ndinkanyoza nkhuku zimene zinasunga amayi anga m'nthenga zakuda zaka zonse zija, ndipo mayi amene ndinam'kalipira ali pa mtedza wake ndiye anandisungira nkhukuzo. Alamu anga ndimawayamika, ndipo ndinawauza pamaso.

Sabata yomweyo ndinakatenga ana a nthochi kudimba kwawo n'kubzala kuzungulira bwalo. Lero nthochizo zinakula, ndipo m'khola zakuda ndizo zambiri mpaka pano, zoyera zimangooneka apa ndi apo. Mwana wanga wamkazi pokwatiwa ndinam'patsa msoti wakuda. Anauyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, bwanji osandipatsa woyera wa agogo?" Ndinamuuza kuti wa agogowo ndi womwewu.