Chidulo cha Amayi

Amayi anga amamva malangizo, koma amawamva m'njira yawoyawo. Adokotala atawaletsa mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi impso zimene zinayamba kufooka, anavomera mwaulemu, manja pamodzi. Titabwerera ku Kaphuka, mchere wonse anaugawa kwa anzawo. Kenako anatentha makoko a nyemba, phulusa lake n'kuliika m'kachitini koboola pansi, n'kuthira madzi kuti chidulo chidonthe.

Enafe tonse chidulo timachidziwa pa thelele ndi nkhwani. Iwo anayamba kuthira paliponse, m'nyemba, m'kabichi, ngakhale m'mbatata ya kachewere.

"Andiletsa wa kugolosale," ankatero. "Uwu ndi wa makolo."

Lamulungu lina tikuchokera ku Misa, anakhala pansi m'mbali mwa njira, akuti miyendo yalemera. Nditawagwira pamkono, mtima wawo unkagunda mwaulesi, n'kumaima ngati munthu wokwera chitunda ndi mtolo wa nkhuni. Ndinachita mantha kwambiri.

Kuchipatala anawamata timawaya pachifuwa, n'kutenga magazi. Adokotala anatifotokozera kuti mtima umagunda ndi kamagetsi kakekake, ndipo kamagetsiko kamadalira potaziyamu wa m'magazi. Akachepa, mtima umasokonezeka. Akachuluka, kamagetsi kamayenda movutikira, mpaka mtima ukhoza kungoima. Impso zofooka sizitha kutaya wotsalayo, ndiye anadzaza.

"Mukudya chiyani, amayi?"

"Mchere ndinasiya ine," anayankha monyadira, n'kuyamba kuwaphunzitsa kapangidwe ka chidulo.

Adokotala anagwira kumutu. Phulusa limenelo, akuti, ndi potaziyamu weniweniyo.

Anagonekedwa, analandira mankhwala, mtima unabwerera m'malo mwake. Masiku ano mbatata timaidula tizidutswa, kuiviika, kuiwiritsa n'kutaya madzi ake kuti potaziyamu achepe. Amadya akudandaula kuti ndiwo za m'nyumba muno zikukoma ngati udzu, komabe mbale imabwerako yoyera. Phulusa amakathira kudimba.

"Kabichi alibe impso," amatero.

Ine ndi amene sindinachire bwinobwino. Tikakhala m'tchalitchi ndimawagwira dzanja ngati wopemphera, chala changa chili pamtsempha. Ndinkaganiza kuti sadziwa. Tsiku lina, ulaliki uli mkati, anapendekera kwa ine osandiyang'ana n'komwe.

"Ukugunda, mwanawe," ananong'ona. "Tamvera abambo mfumu."

Koma dzanjalo sanalichotse.