Chilimwe Chimene Ndinavala za Mwini

Jekete ija inali yamtundu wa lalanje, ya zija zoyandamitsa munthu pamadzi, ndipo inkanunkhira mafuta a mwana wina. Inandikwana ngati anachita kundiyeza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chilimwe chimenecho ndi chokhacho chimene ndinakhalako ku Doha.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal, dera lina la mumzindawo. Abwana awo aakazi, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu, ataona chithunzi changa pafoni ya amayi anaumirira kuti ndibwere tikatsekera sukulu. Anthu kwathu ku Mangochi anati ndili ndi mphumi. Amayi okha ndiwo sanasekerere, chifukwa ankadziwa zimene ine sanandiuze: mwana wamkazi wa Madamu, wamsinkhu wanga womwewo, anagwa m'boti chilimwe cha m'mbuyo mwake atapita kukaona anamgumi, ndipo thupi lake silinapezeke. Madiresi onse amene ndinkasinthasintha monyada anali ake.

Kwathu chovala cha malemu sichivalidwa chisawawa, abale asanakhale pansi n'kuchigawa. Koma wantchito angakane bwanji mphatso ya abwana? Amayi ankangochapa madiresiwo mobisa, manja mpaka kusupuka, milomo ikuyenda ndi mapemphero. Ine, mbuli ya mwana, ndinkazungulira pagalasi.

Kutentha kutafika posauzana tinasamukira pa kachilumba kena, pamene panali tinyumba toyera ta alendo titandandalikana pamchenga. Amalume anga ankagwira ntchito pomwepo, yokweza alendo m'boti. Masana chilumba chonse chinkangoti zii. Makina oziziritsa ankalira okha m'zipinda zopanda anthu, matawulo atapindidwa bwino pamabedi. Nyanja inkayera ngati mkaka, osadziwika pothera madzi ndi poyambira thambo, ndipo ngakhale mbalame yolira kunalibe.

Madamu anatenga kanyumba komwe kaja anagonamo ndi mwana wawo, n'kundipatsa kabedi ka pawindo. Amayi ankayala pansi kukhitchini. Ndikadzidzimuka ku tulo ta masana ndinkapeza Madamu atakhala pampando akungondiyang'ana, chipeso chili m'manja. Ankandiitana ndi dzina lina, ndipo posapita nthawi ndinayamba kuyankha. Tsiku lina amayi anandiitana dzina langa lenileni, ine osacheuka. Ndinangomva mbale ikusweka kukhitchini.

M'mawa wa tsiku lokaona anamgumi ndinawamva amayi akunong'oneza amalume kuseri kwa kanyumba. "Achimwene, chonde, auzeni kuti boti lili fulu."

"Bukingi ndi yawo, chemwali," anayankha amalume. "Ndikatsegula pakamwa, halasi, kwathu kwatha, tonse tikapezeka pa eyapoti."

Amayi anauzidwa kuti atsale azikolopa. "Yala, habibiti," anatero Madamu m'Chiarabu, kutanthauza kuti tiye wokondedwa wanga, akundimanga zingwe za jekete. Lero ndine mayi, ndipo sindidziwa kuti amayi anapirira bwanji kutsala pamchenga paja.

Tinayenda mpaka mtunda unasowa, kenako anazimitsa injini. Amalume ankati si anamgumi enieni, ndi mashaki, nsomba zikuluzikulu zofatsa zosadya munthu. Mashakiwo anayamba kuoneka ngati mithunzi, kenako misana yamawanga a nkhanga, kukamwa kuli yasa ngati khomo. Chondiopsa chinali chakuti zinthu zazikulu chonchija sizinkamveka phokoso ngakhale pang'ono. Alendo ena anali kalikiliki kujambula. Madamu sanayang'ane nsomba ndi imodzi yomwe. Anandigwira pamkono, n'kundiweramitsa m'mphepete mwa boti, akulankhula ndi madzi m'Chiarabu mwakachetechete, ngati akundionetsa kwa winawake pansipo. Nsomba imodzi inadutsa kunsi kwathu, yaitali kuposa boti. Itadutsa ndinaona mtsikana wovala jekete akundiyang'ana kuchokera m'madzimo, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti ndine. Amalume anandigwira lamba wakumsana, osausiyanso mpaka kumtunda.

Tinawapeza amayi ataima pakhomo la kanyumba, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula beseni la madzi. Kwathu ochokera kumanda salowa m'nyumba asanasambe m'manja ndi kumaso, ndipo ana ndiye sapitako n'komwe. Anandivula panja pomwepo, n'kuyamba kundisukusula, kundisambitsa manja ndi mapazi, akutchula dzina langa nthawi iliyonse akathira madzi. Atamaliza anakwezera beseni lija kwa Madamu.

Madamu anafunsa kuti zimenezi n'chiyani. Amayi, amene anali asanawayang'anepo m'maso, anayankha m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Madamu, mwachokera kwa mwana wanu. Uyu ndi wanga."

Madamu anayang'ana beseni lija, nsalu yawo yakuda ili chilili chifukwa mphepo kunalibe. Kenako anaviika manja m'beseni, ndipo kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwawo sindinakumvenso kwa munthu wina aliyense.

Sabata yomweyo anandikweza ndege, ndipo ntchito ya amayi inathera pomwepo. Sanandifotokozere kanthu mpaka nditakula. Pakhomo paja ine ndinkangodandaula kuti madzi akundilowa m'maso, ndikudabwa kuti amayi akulimbikiranji kundisambitsa chonchi, pamene m'nyanjamo sindinalowemo n'komwe.