Mzere wa madzi umene ndinatumizira Esinati

Ndinaganiza zochoka chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato a pa Kachulu n'kutsala pa matope ong'ambika. Ndinali mphunzitsi wa masamu ku Zomba, mayi wamasiye, ndipo ntchito itapezeka ku Cape Town sindinafunse maganizo a munthu aliyense.

Kumeneko tinkaphunzitsa kompyuta kutsanzira kayendedwe ka madzi a m'nyanja yamchere. Nyanja yonse timaigawa m'timabokosi tonga maso a ukonde, tina ta madzi, tina ta mtunda. Popeza dziko ndi lobulungira ndipo mapu sagwirizana kayalidwe, gawo langa linali kusintha manambala osonyeza malo kuti a mapu ena akhale bwino pa mapu anzake. Ndinkadya ndekha, kupemphera ndekha. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kwa mng'ono wanga Esinati, pamodzi ndi malangizo.

Esinati ndi mwamuna wake, bambo Makwinja, atafuna kumanga nyumba ya njerwa pafupi ndi munda wawo wa mpunga, anandifunsa pamene madzi amalekezera nyanja ya Chilwa ikadzaza. Ndinatenga mapu akale, n'kuwerenga manambala a mzere wa madziwo, n'kuwatumizira kuti aupeze ndi foni. Anamanga chakumtunda kwake pang'ono.

Patapita zaka, kuntchito tinapeza mtsinje wina ukuthira madzi m'kabokosi ka mtunda. Mnzanga anaseka, nati, "Awa ndi manambala a mapu akale, wina sanawasinthe. Mapu akale ndi foni sayambira pamodzi kuwerenga." Ine sindinaseke. Ndinakumbukira kuti manambala a Esinati sindinawasinthenso. Kusiyana kwake kumakwana mabwalo a mpira angapo, ndipo kwathu nthaka ndi yoyalika ngati mphasa: madzi akakwera chikhatho chimodzi, amayenda mtunda wautali. M'nyumba imeneyo munkagona ana awo anayi.

Nkhani yotere siinenedwa pa foni. Ndinafika kwathu mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, nyanja itabwerera kale. Pa kabaza wochokera pa Kachulu ndinkangoyang'ana kumwamba. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinayeza ndi manambala okonzedwa. Nyumbayo inali mkati mwa mzere wa madzi.

Ndinawakhazika pansi onse awiri. "Ndinalakwitsa ndine. Musamuke mvula isanalimbe."

Esinati anayang'ana mwamuna wake, kenaka pansi. "Achemwali, timadziwa. Pokumba maziko tinkafukula zigoba za nkhono zam'madzi ndi mizu ya njedza. Zimenezo sizipezeka pouma."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Alamu, mukanamva inuyo?" anatero bambo Makwinja, akupotokola chipewa m'manja. "Ndalama ndi zanu, ophunziranso ndinu. Ife tinangomanga kanyumba kaudzu kumtunda. Mvula ikayamba ana amagona kumeneko, mbewu timasunganso komweko. Mukaimba foni timangoti tonse tili m'nyumba yanu."

Anandiperekeza kukakaona. Kanali kofoleredwa bwino, ndipo mitengo yake inali itada ndi utsi wa zaka zingapo. Ndinaima pakhomo pake wopanda langizo loti ndipereke. Ulendo wonse ndinabwera ndikuopera abale anga madzi, koma madziwo iwo amawadziwa kuyambira ali ana. Chimene anakhala akuchiopa zaka zonsezi ndine.