Anamupatsa Mpini Wopanda Khasu

Inu amene mwadzuka lero osadziwa poyambira, takhalani pansi. Nkhaniyi ndi yanu. Si yokoma kwenikweni, ndaneneratu.

Twahir anachoka pamudzi pa mkazi wake dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Kumanzere ananyamula jumbo ya zovala. M'khwapa anapanira mpini wa khasu. Mpini wokha. Khasu linatsala.

Amene analigulula ndi a Abdu, amalume a mkazi wake, eni mbumba pamudzi umenewo, kuseri kwa Lirangwe. Anagogoda mpiniwo pamwala, khasu n'kugwa.

"Khasuli ndi lathu, tinagula ndife," anatero a Abdu. "Mpiniwu munasema nokha. Tengani. Ife sitibera munthu."

Mwanahawa, mkazi wake, anali pakhonde ataphimba nkhope ndi mpango. Mwana wawo Tahira, kamtsikana kongoyamba kumene kulongolola, anathamangira bambo ake mpaka pamtengo wa mango. Anawagwira buluku. Agogo ake anabwera n'kumunyamula akupalapata.

Mkamwini amabwera yekha, amachokanso yekha. Ana ndi akuchikazi. Twahir ankadziwa zimenezo. Koma kudziwa sikuchepetsa ululu.

Mlandu wake unali dzanja.

Anali wa kabaza. Miyendo yolimba, njinga yosamalidwa, makasitomala omuitana ndi dzina. Tsiku lina lole ya mchenga inamukankhira m'ngalande. Njinga inapindika. Dzanja lamanja linapanikizika pansi pa chitsulo. Kuchipatala anadula theka la chala chachikulu. Chamkombaphala chinauma chowongoka, chosapindika mpaka lero.

Buleki sakanathanso kugwira. Khasu linkamupulumuka. Dzinja lina mizere yake inali yokhotakhota, yosatha. Dzinja lotsatira apongozi anasiya kumupatsa moni. Anthu anayamba kunena mokweza zimene poyamba ankanong'ona: mkamwini wosalima ndi m'mimba chabe.

Anapita ku Chileka, kwa mlongo wake. Anamuyalira mkeka m'khitchini, pafupi ndi nkhuku.

Anamva kuti pafupi ndi bwalo la ndege akufuna mlonda. Anachapa malaya, anapita. Bwana wake anamuyang'ana thupi, n'kugwedeza mutu kuti lili bwino. Kenako anamupatsa cholembera.

"Mlonda amalemba magalimoto olowa ndi otuluka. Talembani dzina lanu apa."

Cholembera chinaterereka. Anatola. Chinatererekanso, n'kugubuduka mpaka pansi pa tebulo. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Zinatuluka ngati mapazi a nkhuku pamatope.

"Sukulu munapitako, achimwene?"

"Mpaka Fomu 2, bwana."

"Pepani. Wotsatira!"

Anabwerera wapansi. Sanadye. Anakhala kuseri kwa khitchini, pamene panali mulu wa machubu akale a njinga yake ija. Anang'amba legeni, n'kuyamba kukulunga cholembera cha mwana wa mlongo wake. Osati mwanzeru ayi. Mwaukali. Anakulunga mpaka chinanenepa ngati chinangwa.

Anachigwira. Sichinagwe. Analemba pakatoni: Tahira.

Ntchito ya ulonda inali itapita kale. Koma mumtima munayaka kanthu. Ngati ine chandithandiza, ena bwanji? Mlongo wake anagulitsa nkhuku ziwiri, anamugulira bokosi la zolembera. Anazikulunga zonse. Anakaziyala pa chisaka kunja kwa sukulu, mwezi wa Okutobala, mayeso ali pafupi.

Ana anagula. Anaseka, koma anagula. Anamupatsanso dzina: a Chinangwa.

Twahir anaiwala chinthu chimodzi chimene wa kabaza aliyense amachidziwa. Mphira ndi dzuwa la ku Chileka sizigwirizana. Malegeni anafewa. Anayamba kunata, kununkha tayala. Zala za ana zinada. Makope anada. Matumba a malaya oyera a yunifolomu anada bii, osachoka ndi sopo.

Kunabwera mayi wina atanyamula malaya a mwana wake m'manja.

"Ndinu a Chinangwa inuyo? Taonani! Mundigulira ena?"

"Pepani, mayi."

"Pepani amavala? Kupunduka dzanja, mwapundukanso mutu?"

Anatulutsa cholembera cha mwana wakeyo n'kumugenda nacho kumaso. Ana anakuwa. Aphunzitsi anatuluka n'kumuuza kuti asadzapezekenso pachipata. Zolembera zotsala Twahir anakazitaya m'dzenje la zinyalala. Nkhuku za mlongo wake zinathera momwemo.

Apa ndi pamene ambiri timasiyira. Twahir nayenso anasiya. Musaganize kuti anali wachitsulo. Anasiya kumeta. Anasiya kupita kumzikiti ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Ankagona masana, nkhope kukhoma. Mlamu wake anayamba kumenyetsa zitseko. Mvula inagwa, anthu anapita kuminda, iye anatsala ndi nkhuku.

M'mawa wina nkhuni zinatha. Mlongo wake anatenga mpini uja pakona kuti asonkhezere moto.

"Chimenechi chikungodzaza malo."

Twahir anamulanda. Sanadziwe chifukwa chake. Anakhala nawo pakhomo, akuutembenuza. Mpini wa mtengo wa gwafa, wosalala ndi thukuta. Pamene ankagwira panali polowa pang'ono. Apa chala chachikulu. Apa zinayi zija. Dzanja lake lakale linali pamenepo, lathunthu, losindikizika pamtengo.

Anaikapo dzanja latsopano. Silinakwane.

Analira. Mwamuna wamkulu, pakhomo pa eni. Atatha kulira anaganiza. Makasu onse m'sitolo ndi ofanana. Koma palibe mlimi amene amakonda mpini wa mnzake. Khasu likatha amagula lina, mpini ndi womwewo. Nanga cholembera bwanji? Inki ndi khasu chabe. Chofunika ndi pogwira.

Anadula kachidutswa ka mpiniwo. Anakamangirira pabenchi ndi legeni, poti dzanja logwirira analibe. Anasema ndi lamanzere. Mpeni unamucheka kangapo. Anawotcha sipoko ya njinga pamakala, n'kuboola pakati. Choyamba chinang'aluka. Chachiwiri bowo linatulukira m'mbali. Mpini unkafupika. Chotsatira chinatheka. Anachipala ndi phale la botolo, anachipaka mafuta ophikira, analowetsa kachubu ka inki kochokera m'cholembera wamba. Chinali ndi pogona chala chouma chija, ndi kaphewa kotsamira chala chodukacho.

Analemba tsamba lonse osapuma.

Anasema zina zofanana nacho, kuchokera ku zidutswa zimene anapempha kwa okhoma mabokosi a maliro. Anakakhala pamsika wa Chileka. Anthu ankanyamula, kuzitembenuza, kuzibweza.

"Ndi chiyani, mankhwala?"

"Cholembera."

"Cholembera cha ufiti chimenechi."

Palibe anagula. Msika wina, winanso. Palibe.

Kenako kunabwera mayi Phyllis, mlembi wa amayi kutchalitchi kwawo, wachikulire, zala zotupa ndi nyamakazi. Ankafuna kutula pansi udindo chifukwa kulemba kunkawaliza. Anayesa chimodzi. Anakwinya nkhope.

"Mwananga, ichi chikundilasa. Unayezera dzanja la ndani?"

"Langa, mayi."

Mayi Phyllis anayang'ana dzanja lakelo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye ukufuna tonse tidule zala kuti tikugule?"

Manyazi anamugwira. Koma mayiwo ankanena zoona. Anapanga zolembera za munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali iye mwini.

Pafupi pomwepo anthu ankaumba njerwa. Twahir anathamanga, anatapa dongo, analiumba ngati nthochi.

"Gwirani ngati mukulemba, mayi. Finyani pang'ono. Basi, siyani."

Zala za mayi Phyllis zinatsala padongo. Twahir analiyanika, anakasema motsatira mmene zinalowera. Msika wotsatira mayiwo anabwera. Anagwira. Analemba dzina lawo, kenako vesi lonse.

"Iwe Msilamu iwe," anatero, "wandibwezera ntchito ya Mulungu."

Lamlungu anakachionetsa kwa amayi anzawo. Pakamwa pa mayi Phyllis panaposa wailesi.

Anayamba kubwera. Aphunzitsi otopa ndi kuchonga makope. Agogo a sukulu ya kwacha, amene manja awo anazolowera khasu ndipo cholembera chowonda chinkawathawa. Bambo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi, wotopa ndi kudinda chala pamene kale ankasaina. Aliyense ankafinya dongo lake. Twahir ankalembapo dzina ndi sipoko. Inki ikatha, ankabweranso kudzaikitsa ina.

Sizinayende mosalala. Denga linadontha, madongo a anthu anasungunuka n'kusanduka phala limodzi. Anayenda khomo ndi khomo kupepesa, dongo latsopano lili m'jumbo. Mnyamata wina anayamba kusema zake zotchipa, zosayeza. Anatenga makasitomala, mpaka matuza atawabweza.

Atagula malaya atsopano ndi foni, Twahir anati nthawi yakwana. Anagula shuga, chitenje, ndi kadiresi. Anakwera minibasi ya ku Lirangwe.

A Abdu anamulandira pansi pa mango womwe uja. Mpando sanamupatse.

"Mwachedwa, bambo. Mwanahawa tinamukwatitsa. Mwamuna wake ndi wa tomato, manja onse ali nawo."

"Nanga mwana? Ndingomuona."

"Mumusokoneza. Anazolowera kale. Katunduyo siyani, timupatsa."

Anabwerera osamuona.

Ndikanakonda kukuuzani kuti khama limabweza zonse. Ndikananama. Pali zina zimapita. Twahir anagwira ntchito usana ndi usiku kuti abwerere pakhomo paja, ndipo atafika anapeza pakhomopo pali nsapato za wina. Madongo anauma pashelefu osasemedwa. Makasitomala ankaimba foni, osayankha.

Mayi Phyllis anamulondola mpaka kwa mlongo wake.

"Wamwalira?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye dzuka. Mkazi wapita, inde. Mwana sakwatiwa ndi wa tomato. Magazi ndi ako. Ukagona apa, akadzakufuna adzakupeza kuti?"

Anadzuka. Anasamutsa benchi lake kuchoka ku Chileka, kumene anali ndi makasitomala, kupita pa Lirangwe, kumene ankamudziwa ngati mkamwini wothamangitsidwa. Anthu anati wapenga. Anasankha malo oipa, afumbi, pamphambano pamene njira ya kumudzi kuja imatulukira pamsewu. Anayambiranso pansi. Akabaza anzake akale ankamuseka, kenako anayamba kumubweretsera anthu.

Nthawi zina ankamuona Tahira patali, atagwira chitenje cha mayi ake. Mayi ndi mwana ankawoloka msewu asanafike pabenchi lake.

Sabata yotsegulira sukulu, sanawoloke. Mwanahawa anaima patsogolo pake, khanda kumsana, maso pansi.

"Akuyamba Sitandade 1. Akuti mumapanga zolembera."

Tahira anabisala kuseri kwa mayi ake. Anasuzumira dzanja lija.

"Amayi, amenewa ndi ndani?"

Mwanahawa anayang'ana kumbali. Twahir anawerama n'kutapa dongo.

"Ndine wopanga zolembera, mayi wanga. Bwera. Gwira dongoli. Finya."

Kadzanja kanalowa m'dzanja lake lopunduka. Kanali kofunda. Twahir anakonza tizala take kamodzikamodzi, pang'onopang'ono, kuposa mmene amachitira ndi kasitomala wina aliyense. Anatulutsa m'thumba kachidutswa komaliza ka mpini uja, kamene anakana kugulitsa. Anati asema chogwirira chonenepa, cholowa pensulo.

Kenako anayang'ana Mwanahawa.

"Koma dzanja la mwana limakula. Chaka chamawa chidzamuchepera. Adzafunika kudzafinyanso."

Mwanahawa anamva. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndidzabwera naye ndekha. Amalume asakudetseni nkhawa."

Ine ndine mwana wa m'tauni, wa ku Ndirande. Kukhala malo amodzi kumandiyabwa. Ndinamupeza Twahir minibasi yathu itaphulika tayala pa Lirangwe. Pano ali ndi kashedi ka malata, ndi amayi awiri amene anawaphunzitsa kupala ndi kupaka mafuta. Maoda amachokera ku Lunzu, ku Zalewa, mpaka m'tauni. Si wolemera. Nsapato zake ndi zosokedwa. Amagonabe yekha.

Pashelefu ya pamwamba pali timadongo titatu, tondondozana, kena kokulirapo kuposa kanzake. Ndinafuna kukhudza.

"Zimenezo ayi, achimwene," anatero. "Ndi za mwana wanga."

Tayala lisanathe kumatidwa, kamtsikana ka yunifolomu kanatulukira pamphambano, kakuthamanga, chikwama chikugunda kumsana. Sikanadikire chaka. Kamabwera tsiku lililonse pochoka kusukulu.

"Ababa, pensulo yatha!"

Minibasi inaliza hutala. Ndinakwera.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakugululani khasu pamaso pa anthu. Mwina zina zimene munataya sizidzabweranso, ndipo sindikunamizani kuti zidzabwera. Lirani, palibe mlandu. Koma chimene chatsala m'khwapa mwanucho musasonkhezere moto. Chitembenuzeni. Chiyang'anitsitseni. Pali wina amene tsiku lina adzakufunani, ndipo ayenera kudzakupezani muli pabenchi panu.

Mtima usagwe, abale anga. Dzukani, semani.