Tikiti Yomwe Inakhazika Mkamwini Pafupi ndi Apongozi

Tsiku limene ndinaganiza zopita ku Halale, amayi a Tisa anali kuswa nshawa pakhonde kwathu ku Kapata. Ndinawauza kuti ndatopa kung'amba matikiti pakhomo la holo ya m'komboni, kumene ena ankafuna kulowa ndi dzungu m'malo mwa ndalama. Iwo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Pitani, bambo a Tisa. Akakuthamangitsani chifukwa cha pakamwa panupo, njira mukuidziwa." Munali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mutu wanga usanayere chonchi.

Ku Halale ndinapeza ntchito pa nyumba yaikulu ya zisudzo. Kumeneko tikiti inkatuluka m'kompyuta italembedwa kale mzere ndi nambala ya mpando. Ine wolekezera Sitandade 4 ntchito yanga inali kuloza ndi tochi: uko, uko, uko. Palibe wokangana, palibe wolanda malo a mnzake. Ndinagoma nazo. Koma ndinene zoona, anthu ankandionetsa pepala, osati nkhope. Zaka zisanu zonse palibe anandifunsa kuti kunyumba ali bwanji. Lamlungu ndinkakhala m'kachipinda kanga kuyankhula ndi mbaula. Ndalama ndinkapatsira dalaivala wa lole wakwathu, ndipo kalata yobwera inkakhala yaifupi: "Talandira. Mbuzi yaswa awiri. Inu mwanenepa kapena mwafa?"

Nditabwerera, m'chikwama munali kamakina kodinda manambala, kakale, kamene abwana ankafuna kukataya. Kompyuta sindikanaikwanitsa, koma nzeru yake ndinali nayo m'mutu. Pakhomo la holo ndinapeza aNabanda, mayi wamasiye wa ku Navutika, atatenga malo anga. Ntchitoyo ndinkaifuna, osanama. Munthu wobwera kunja n'kumangokhala pakhonde anthu amamuseka. Ndinapita kwa aJere, apampando a komiti ya holo, ndikuwaonetsa kamakinako. Kanalira khatya, khatya, ndipo maso awo anatuluka.

"Loweruka masana kubwera gulu la sewero la ku Madzimoyo," anatero aJere. "Zikayenda bwino, khomo ndi lanu."

Ndinagula penti ndikulemba manambala pa mabenchi onse. ANabanda ankangondiyang'ana.

"AZulu, kodi kamakinako kamadziwa anthu?"

"Kamadziwa masamu, amayi. Ku Halale anthu amakhala ndi masamu."

"Chabwino, a ku Halale."

Loweruka holo inadzaza. Aliyense ndinkamupatsa tikiti monga wafikira, ndipo wofuna kusintha malo ndinkamuopseza ndi Chingelezi. Sewero linali la mwamuna wina amene mkazi wake wakamuneneza kwa ankhoswe kuti wasiya udindo wa kuchipinda. Sewero lotere kwathu anthu amaseka mpaka kugwa pa benchi. Koma tsiku limenelo kunali zii, ngati pamaliro. Wosewera anabwereza nthabwala kawiri, n'kundiyang'ana ine ngati ndamulodza.

Nditaponya maso kutsogolo, ndinaona pamene panalakwika. Pa nambala 14 panali aSakala, aphunzitsi aulemu wawo. Pa nambala 15, phewa kugunda phewa, panali apongozi awo aakazi, amene chikwatirire aSakala akawaona panjira ankapatukira m'chimanga. Aphunzitsi anali kuwerenga malata a denga. Apongozi anali atadzifunditsa chitenje kumutu ngati namwali. Tsono holo yonse inkawadziwa. Ndani akanaseka nkhani za kuchipinda anthu awiriwo atagundana mapewa? Aliyense ankawamvera manyazi.

AJere anandiyandikira. "AZulu, ndi zimenezi mwatitengera ku Halale?"

Ndinapita kwa aNabanda chipewa chili m'manja. "Amayi, ndipulumutseni."

"Funsani kamakina."

"Kalibe apongozi, amayi. Sikadziwa."

Anaseka pang'ono, n'kuuza anyamata a ng'oma kuti aimbe. Ng'oma zikulira, analowa pakati pa mabenchi ngati munthu wopalira munda wake. Anagwada kwa apongozi aja ndikuwanong'oneza kuti kumbuyo kuli kamphepo kabwino. Kenako anatuma aSakala kukaona ngati njinga yawo ili bwino, ndipo pobwera anapeza malo awo ali mbali ina, kuseri kwa mzati. Anasunthanso ena amene ine sindinawaone n'komwe: atsikana awiri olimbirana mnyamata, agogo ogontha amene ndinawaponya kumapeto, akatekisiti amene amakonda kukhala pafupi ndi khomo kuti sewero likafika poipa azembe. Sewero litayambiranso, woyamba kuseka anali aSakala, ndipo holo yonse inaphulika.

Apo m'pamene ndinazindikira za ku Halale kuja. Nambala inkakwanira chifukwa palibe amene anali mpongozi wa mnzake, ndipo n'chifukwa chomwecho ine ndinkayankhula ndi mbaula. Kwathu munthu salowa m'holo yekha, amalowa ndi ubale wake wonse.

Komiti itakhala, khomo linatsala m'manja mwa aNabanda. Ine anandipatsa tebulo pambali pawo. Mpaka lero ndimadinda manambala, khatya, khatya, mwaulemerero wonse wa munthu woyenda maiko, koma tikiti sindiipereka mpaka iwo atayang'ana nkhope ya wogula ndikundiuza benchi. Nthawi zina amandinong'oneza, "Uyu musamuike kutsogolo, aZulu, akazi anu ali komweko ndipo anakangana pachigayo." Ndimamvera.