Azakhali Adina Malonda a Makatani

Naini koloko m'mawa inakwana alamu anga akupalasa kale mashini osokera makatani, omwe amalelera ana awo. Sabata imeneyo anayamba kulipira kuti ofufuza makatani pa intaneti aziona shopu yawo pamwamba. Munthu akangodina dzina la shopuyo, ndalama zimachoka pa zomwe analipirazo. Mwachisangalalo, anauza abale onse.

Foni inalira. Anali azakhali awo.

"Mwanawe, ndakhala ndikudina chidzukireni, ndawauzanso anzanga. Tikukukweza!"

"Nanga katani mugula?"

"Iii, anga akadali abwinobwino."

Pofika masana ndalama zinatha, dzina linazimiririka, wogula osaoneka ngakhale mmodzi. Alamu anaponya sizasi patebulo, nanditembenukira.

"Amake mwana, inu amakumverani. Chonde kawauzeni asiye kundithandiza."