Mkaka Wokana Kutsika

Mwana wanga woyamba anabadwa ndikuphunzitsa bayoloje pa sekondale ina ku Chintheche. Kwathu ndi ku Dedza, amuna anga ndiwo a konkuno, a ku Bandawe. Choncho nditatuluka m'chipatala, apongozi ndi amene anabwera kudzandisamalira.

Mkaka unalimo ndithu. Mabere anatupa, gwa ngati mapapaya osapsa, koma kutsika ayi. Mwana ankayamwa pang'ono, n'kulavula bere, n'kukuwa mpaka mawu kusasa. Kuchipatala anamwino atamuyeza pasikelo anandiuza mosabisa kuti akutsika, ndipo zikapitirira amugoneka.

Chondipsetsa mtima n'chakuti nkhani yonseyo ndinkaidziwa. Ndinaiphunzira kukoleji, ndipo ndinkaijambula pabolodi monyada. Mwana akamayamwa, uthenga umadutsa m'minyewa kukafika pansi pa ubongo. Kumeneko kuli maselo amene amasunga timatumba ta homoni yotsitsa mkaka. Uthenga ukafika, timakomo ta maselowo timatseguka, kashiamu amathamangira m'kati, ndipo ndi iyeyo amene amachititsa timatumba tija kukhuthulira homoni m'magazi. Homoniyo ikafika kubere imafinya mosungira mkaka, mkaka n'kutsika. Koma mayi akakhala ndi mantha kapena manyazi, uthenga uja umafooka, timatumba n'kungokhala osakhuthula kanthu. Zonsezi ndinkazinena pamtima mwana ali kukuwa pamiyendo panga, ndipo sizinkandithandiza chilichonse.

Manyaziwo ndinali nawo osayamba. Apongozi ndi munthu wodziwika kumpingo, ndiye mayi aliyense amene anaimbapo nawo nyimbo anaona kuti n'kulakwa kusabwera kudzaona mdzukulu. Ankayamba kufika dzuwa likangotuluka. "Timuoneni!" moni wawo wa Chitonga. Asanayankhidwe, alowa kale kuchipinda, ayala chitenje pansi. Aliyense ndi chinangwa chachiwisi choti nditafune kuti mkaka ubwere, aliyense ndi malangizo ake. Ndikangoti ndimuike mwana kubere, maso onse pa ine. Wina, amene dzina lake sindinkalidziwa n'komwe, anandigwira bere n'kulifinya ngati akuyesa peyala pamsika. Ankakambirana m'Chitonga, ine n'kumatolapo mawu amodziamodzi, ndipo akaseka ndinkangoti akuseka ine.

Ndinadandaulira amuna anga. Anati, "N'chikondi chimenechi, uzingopirira." Ananena ali pakhomo, akuthawira kunyanja kwa anzawo.

Ndinayesanso kwa apongozi, mwaulemu wonse, nditagwada. "Amayi, thupi la munthu likamachita manyazi mkaka sutsika. Zimayambira mu ubongo. Mwina alendo azikhalako panja ndikamayamwitsa."

"Mwana wanga," anatero, "anthu ayenda wapansi kuchokera ku Makuzi, ine ndiwakhazike pakhonde ngati ogula usipa? Ubongo wakowo uuze udikire."

Masana a tsiku lotsatira m'chipinda munali modzaza, motentha, fungo la thukuta ndi chinangwa. Mwana analira, kenako kulira kunachepa, kunasanduka kakudandaula chabe. Anthu anati watonthola. Ine ndinaona milomo yake youma ndi thewera lomwe silinanyowe chiyambire m'mawa, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Mayi wondifinya bere uja anatambasulanso dzanja lake kuti andigwire.

"Tulukani," ndinatero. Sanamve, kapena sanakhulupirire. Ndinabwereza mokweza, ine mkamwana wobwera, kwa amayi a msinkhu wa ondibereka. "Nonse tulukani!"

Ananyamuka mmodzimmodzi akukutumula zitenje, apongozi pambuyo, nkhope itagwa ndi manyazi. Ndinatseka chitseko n'kuika loko.

Sikuti mkaka unabwera pomwepo ayi. Ndinalira kaye, kulira kwa ukali. Kenako ndinagona chammbali, mwana pachifuwa khungu kukhungu, ndikungomununkhiza kumutu. Anafunafuna, n'kugwira. Patapita nthawi ndinamva kunyerenyesa m'mabere onse awiri, bere linalo linayamba kudontha pachitenje, ndipo pakhosi pake panamveka kumeza, kumeza kwenikweni.

Pamenepo apongozi anagogoda. Anandiitana motsitsa mawu, anati akuluakulu akhumudwa, ndituluke ndikapepese asanapite. Ndinadziwa kuti ndikapanda kutsegula tsopano, nkhani imeneyi ndidzakhala nayo zaka zonse za ukwati wanga. Anagogodanso. Mwana anali kumezabe, ndipo sindinatsegule.